Mmene Ndinayanikira Digiri ya Taonga pa Denga la Kantemba

Masiku ano ndikangolowa pabalaza kunyumba kwa mlongo wanga ku komboni ya George, anthu amayamba kusuntha mabotolo. Mlongo wanga amangonyamuka mwaulemu, n'kutenga botolo la mankhwala a chifuwa, la mafuta odzola, ngakhale la tomato sosi, n'kukaika kuchipinda. Ine ndimakhala pansi ngati sindinaone. Chimene chinandifikitsa pamenepa ndi chifundo. Ndibwereze: chifundo, osati mowa, osati umbava. Ndipo zonse zimene ndikuuzeni pano ndi zoona. Ndikawonjezerapo liwu limodzi, mphezi indipeze ndili m'chimbudzi.

(Ndikulumbira chotere chifukwa anthu a m'dera lathu amati ndimakometsa nkhani. Zinayamba nditawauza kuti chaka china madzi atasefukira ku Kanyama ndinagwira mlamba pansi pa bedi la msuweni wanga. Ndinaugwiradi. Unali utalowetsa mutu m'sokosi. Koma anthu a mumzinda sakhulupirira munthu amene waona zambiri.)

Ine ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wangayo, ndipo kutsogolo ndili ndi kantemba, kagolosale ka malata komwe ndimagulitsa mchere, shuga, machesi ndi mafuta ophikira oyeza pa kachivindikiro. Pa zinthu zonsezi, mchere ndiwo ndimaudziwa ngati mkazi wanga, ngakhale kuti mkazi ndilibe. Nthawi ya mvula mchere umagwira chinyezi n'kuumbana mibulu. Mankhwala ake ndi amodzi kuyambira kalekale: umauyala pa thumba, n'kuuika pa denga, dzuwa lichite ntchito yake. Ndachita zimenezi zaka zambirimbiri ndipo palibe kasitomala anabwerapo kudzadandaula.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi, Taonga, woyamba m'banja lathu lonse kufika ku yunivesiti. Anamaliza digiri yoyamba, sizinamukwanire, n'kuyamba yachiwiri ya kemisitiri. Mvula yapitayi anali atatsala pang'ono kumaliza. Chinatsala ndi ntchito imodzi ya mu labu, ndipo zotsatira zake zinkafunika mwezi womwewo kuti avale gauni pamodzi ndi anzake chaka chino.

Lachisanu lina madzulo anabwera atafungatira chitini ngati khanda lobadwa kumene.

"Bamalume, ichi chitini musachigwire," anatero asanapereke ndi moni womwe.

"Muli chani, golide?"

"Muli siziyamu aseteti."

"Ni vakudya olo ni vozola?"

Anapuma mozama monga amachitira ophunzira akamalankhula ndi abale awo, kenako n'kundifotokozera. Anati mu labu akufuna kugwirizanitsa mankhwala awiri amene paokha safunana, kuti pabadwe asidi wina wopezekanso m'mafuta a sinamoni, amene anthu amapangira zonunkhiritsa ndi mankhwala ena. Ufa wa m'chitinimo ndiwo nkhoswe ya ukwatiwo. Anati nkhoswe ina yotchedwa sodiyamu aseteti ilipo yambirimbiri ku labu, koma ndi yaulesi: umagwira ntchito tsiku lonse, zotuluka n'kukhala zokwana pa nsonga ya sipuni. Iyi ya siziyamu nthawi zina imatha kubereka kuchulukitsa kakhumi. Anawonjezera kuti mankhwala ena ali ngati manja, lamanzere ndi lamanja, ndipo ufa womwewu umathandiza kutembenuza lamanzere kukhala lamanja. Ndinafunsa ngati ungathandize wosewera kutsogolo wa timu ya m'dera lathu, amene miyendo yake yonse iwiri ndi yamanzere. Sanaseke.

Ufawo unaitanitsidwa kunja ndipo unayenda miyezi yambiri panjira. Unafika Lachisanu masana labu atakhoma kale, aphunzitsi ake atapita kumaliro ku Petauke ndi makiyi m'thumba. Ndiye Taonga anayenera kuusunga kunyumba mpaka Lolemba.

"Chinthu chimozi chabe, bamalume," anatero akuika chitinicho pamwamba pa wadiropu. "Chisaone manzi. Olo dontho."

"Mwana wanga, ukamba na muntu wamene agulisa muchele mu mvula. Gona na mutendele."

Loweruka m'mawa iye ndi amayi ake anavala zitenje zofanana n'kupita ku kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ku Chawama. Atangokwera minibasi, mvula inayamba, ija yomenya malata mpaka osamva zimene ukuganiza. Ndinathamangira m'nyumba kukatchera mabeseni, chifukwa denga lathu limadontha malo odziwika bwino ndipo dontho lililonse lili ndi beseni lake. Koma tsikulo kunabadwa dontho latsopano. Pamwamba penipeni pa wadiropu. Linkagwera pa chivindikiro cha chitini, tho, tho, tho, ngati lachita kutumidwa.

Ndinachitsitsa, n'kuchipukuta ndi malaya anga. Tsopano inu ndiuzeni, munthu wachifundo akanatani? Ndinayenera kuona ngati madzi alowa. M'katimo munali kabotolo kapulasitiki kochepa ngati ka mankhwala a mutu, kokulungidwa tepi pakamwa, ndi timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Timapaketito ndinataya, popeza zinyalala sindizikonda. Ndinagwedeza kabotoloko pafupi ndi khutu. Ufa wouma umalira "sekeseke". Aka kanalira "gu". Ndinachotsa tepi, n'kusuzumira: ufa woyera ngati mchere wosalala, koma pakati pake pali m'bulu.

Wagwira chinyezi! Mwana wa mlongo wanga anapempha chinthu chimodzi chokha padziko lonse, ndipo chalephereka amalume ake ali pomwepo.

(Ndinadzamva pambuyo pake kuti ufa umenewu umatha kufika kuchokera kufakitale uli kale ndi timibulu, ndipo m'bulu uja sunali vuto. Nkhani zotere zimakonda kufika mochedwa ngati apolisi.)

Mvula itakata dzuwa linatuluka, lija la mwezi wa Febuluwale lochititsa nthaka kufuka nthunzi ngati ketulo. Ndinatenga mbale ya alendo, ya maluwa m'mphepete, n'kukhuthuliramo ufa wonse. Ndinaphwanya m'bulu uja ndi sipuni, n'kuuyala mopyapyala bwinobwino kuti mphepo ifike paliponse. Ndinauika pa denga la kantemba pambali pa mchere wanga, kuti ziume pamodzi ngati pachibale. Ndinabwerera kukagulitsa ndikuimba mluzu, ndikuganiza mmene Taonga adzanditchulire pa tsiku la gauni.

Patapita kanthawi ndinakwera pa kreti kukaona. Mchere wanga unali utayamba kuuma bwino. Wa Taonga unali kutuluka thukuta.

Ndinayang'ana kumwamba. Mvula kunalibe. Ndinayang'ana pa denga lonse, linali louma moti mukanakazingirapo dzira. Ndinaganizira mphaka wa aneba, amene ali ndi mbiri yoipa, koma nditanunkhiza mbale sindinamve za mphaka. Ndinati mwina sindinayale bwino. Ndinatakasa ndi sipuni, n'kuyalanso mopyapyala kuposa poyamba, ndipo ulendo uno sindinatsike. Ndinaima pa kretipo kulondera.

Abale anga, ndaonapo zinthu. Ndinaonapo kondakitala wa minibasi akubweza chenji osakumbutsidwa. Koma sindinaonepo ufa ukusungunuka wokha pa dzuwa munthu ukuuyang'ana m'maso. Timibulu tinkanyezimira, n'kufewa, n'kugwirana manja, n'kusanduka madontho. Madontho n'kusanduka kachithaphwi. Palibe anathirapo kanthu. Ine ndinalipo, Mulungu analipo, ndi khwangwala mmodzi pa waya wa magetsi. Pofika masana mu mbale munali madzi oyera mbee, ndipo ndikulumbira, anali kuchulukirachulukira.

Ndinatsika nayo mbaleyo. Pa kantemba ndinapeza Amake Gifiti, aneba athu, mayi amene sanayambe wasowapo yankho pa funso lililonse chibadwire. Anabwera kudzagula mafuta.

"Ba neba, mwatuwa bwanji? Mwaona chipuku cha kumanda?"

Ndinawafotokozera zonse.

"Imwe naimwe," anatero. "Monga vija va mulamba wa sokosi?"

"Amake Gifiti, nalumbila pali Mulungu. Unali unga. Nauyanika. Wankhala manzi."

"Vinthu vikayanikiwa viuma, ba neba. Olo mwana wa giledi wani aziba."

"Ndiye vamene nenze kuziba naine kuseni!"

Anasuzumira mu mbale, n'kuona nkhope yanga, ndipo anazindikira kuti ulendo uno munthu sakuseka. Apa ndi pamene anandipatsa nzeru. Anati foni ya amuna awo itagwera mu ndowa anaiika mu mpunga usiku wonse, ndipo inadzuka n'kuyamba kulandira mauthenga a akazi ena monga kale. Mpunga umayamwa madzi. Ine ndemwe ndimaika timbewu ta mpunga m'botolo la mchere wa patebulo. Nzeruyo inali yomveka mbali zonse.

Ndinathira mpunga wodzaza dzanja. Tinadikira. Madzi aja anangochita mbuu ndi fumbi la mpunga, osachepa ngakhale pang'ono. Ndinavuula kambewu kamodzi n'kukayang'anitsitsa: kanali kouma gwa, kong'alukang'aluka. Mpunga umene tinautuma kukayamwa madzi ndiwo unayamwidwa. Zinali ngati kutuma wapolisi kukagwira wakuba, wapolisiyo n'kubwerako alibe nsapato.

Apa n'kuti anthu atayamba kusonkhana, chifukwa ku George munthu ukaima n'kuyang'anitsitsa mbale kwa kanthawi, umapeza mpingo. Wina anati ndi zamatsenga, pali amene sakufuna kuti mwanayo aphunzire. Wina anati tiitane abusa. Bambo wina wobwera kuchokera kumowa anatambasula chala kuti alawe, ndinamumenya dzanja ndi sipuni. (Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, Taonga anavomereza kuti ichi chokha ndicho chinali chanzeru.) Amake Gifiti anali atabwerera m'mbuyo pang'ono, akupukuta zala pa chitenje.

"Ine vinthu va ku yunivesiti nivikana," anatero. "Ni vamene bana babwela alibe ulemu. Badya vamene ivi."

Ndinawabalalitsa onse, n'kutseka kantemba dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sindinachitepo ngakhale pa tsiku la chisankho. Ndinatsala ndi chida chimodzi. Mchere ukakana dzuwa, umaukazinga. Aliyense wogulitsa mchere amadziwa zimenezi, kungoti sitiuza makasitomala.

Ndinakoleza mbaula. Ndinasefa mpunga uja ndi sefa ya tiyi, madziwo n'kuwathira m'chiwaya. Chiwayacho ndinali nditakazingiramo tinsomba ta kapenta m'mawa, koma ndinachipukuta ndi nyuzipepala, kawiri. Madzi anayamba kuwira, nthunzi n'kumakwera, ndipo pang'onopang'ono m'mphepete munayamba kuoneka zoyera. Zoyerazo zinafalikira mpaka chiwaya chonse chinauma. Ufa wabwerera! Ndinavina, abale. Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba, bambo wa imvi zanga, nkhuku zikundiyang'ana. Ndipo poti ndine munthu wosakonda ntchito ya theka, ndinati ndiusiye pamoto pang'ono kuti uume mpaka mumtima. Ndinawonjezera makala, n'kukupiza ndi katoni.

Nditatembenuka, unali wamadzi.

Ndinakhala pansi m'matope. Pa dzuwa, madzi. Mu mpunga, madzi. Pa moto wa makala wofiira psuu, pamene ngakhale madzi enieni amathawa, madzi. (Taonga akuti apa sanali madzi, unali ufa womwewo utasungunuka ndi kutentha monga amachitira shuga. Ine ndikuti chinthu chikamayenda m'chiwaya ukachipendeketsa, musandiphunzitse dzina lake.) Kenako anayamba kusintha mtundu, kuchoka koyera kupita kwa tiyi wopanda mkaka, ndipo kunabuka fungo la viniga losakanikirana ndi kapenta amene ndinkaganiza kuti ndinatsanzikana naye m'mawa.

Ndinaphula msangamsanga. Zitazizira zinauma gwa ngati simenti. Ndinayamba kupala ndi sipuni n'kumabwezera m'kabotolo, koma pamene ndinkapala mbali iyi, mbali inayo inali itayamba kale kutuluka thukuta lija. Ndinathamangitsana nazo mpaka kumapeto. Zimene zinalowa m'kabotolo zinali phala lofiirira. Ndinatseka, n'kukulunga tepi mmene inalili, n'kubwezera chitini pa wadiropu.

Sindibisa, maganizo ongokhala chete anandifikira. Koma nyumba yonse inkanunkha ngati munthu waphika nsomba mu saluni.

Taonga ndi amayi ake anafika dzuwa likupendeka, akuseka, atanyamula keke m'kapepala. Taonga anaima pakhomo, n'kukweza mphuno. Anapita molunjika ku wadiropu, n'kutulutsa kabotolo, n'kukayang'ana pa kuwala kwa pawindo. Ndinkayembekezera kukuwa. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ngakhale kuponyeredwa nsapato. Koma mwanayo anangotsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa simenti, ndi chitenje chake chatsopano, kabotolo kali m'manja.

"Bamalume," anatero motsitsa kwambiri. "Munachita chani?"

"Ninauyanika."

"Munauyanika."

"Unali na chinyezi, mwana wanga. Denga inadontha."

"Panja? Mu mvula ino?"

"Mvula inali yasila. Zuba inali bwino maningi."

Anatseka maso. Anati ufa umenewu umakoka madzi mumpweya momwemu, ndipo suleka mpaka utasungunuka m'madzi amene wakokawo. Ndicho chifukwa cha tepi ija, ndi timapaketi tija ndinataya. Anati umakondana ndi madzi moti madzi pang'ono amatha kumeza ufa wolemera pafupifupi kakhumi kuposa iwo eni.

"Imilila," ndinatero. "Ukamba kuti mu mphepo muli manzi?"

"Ee, bamalume."

"Ino mphepo yamene tipema?"

"Ee."

"Manje ise tiimilila pa laini ku kiyosiki ya manzi na vigubu chifukwa chani?"

Mlongo wanga anaika keke patebulo mosamala, n'kunditchula dzina langa lonse la ubatizo, limene ndinalimva komaliza kwa malemu amayi athu. Zimene ananena pambuyo pake sindingazilembe, popeza iye ndi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi ndipo ali ndi mbiri yoti aiteteze. Chigamulo chinali chakuti Lolemba ndipite ndekha ndi pakamwa panga kukafotokozera aphunzitsi, kuti asaganize kuti mwanayo ndiye wopanda mutu.

Lolemba tinakwera minibasi, Taonga kutsogolo, ine kumbuyo ndi chiwaya m'pulasitiki ngati umboni. Aphunzitsi ake anali bambo wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Anandipatsa mpando, n'kuti ndiyambe pachiyambi.

Nditafika pa mbale ya pa denga, anagwedeza mutu. "Apo palibe vuto lalikulu, bambo. Madzi okha tili ndi makina ochotsera. Tikanauumitsa."

Ndinamva mtima ukubwerera m'malo mwake. Ndinayang'ana Taonga kuti aone. Kenako ndinatchula mpunga.

"Mpunga," anatero. "Chabwino. Tikanasefa, n'kuyesa kuuyeretsa. Zovuta, koma tikanayesa."

Ndinatchula mbaula. Anavula magalasi. Ndinatchula za kuwonjezera makala. Anawaika patebulo. Ndiye anafunsa ngati chiwayacho chinali chatsopano, ndipo ine, poti sindinama, ndinatchula kapenta.

Bambo uja anadzuka, n'kupita pawindo, n'kuima atatifulatira. Mapewa ake ankagwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira, ndipo ndikukhulupirira kuti iyenso sankadziwa. Atatembenuka anandifunsa funso limodzi lokha:

"Bambo, panalibe nthawi ina iliyonse imene munaganiza zongosiya?"

Ndinayankha zoona, kuti kwathu sitinaleredwe kusiya ntchito pakati.

Mapeto ake anali olemera, ndipo apa nthabwala ndiziika pansi pang'ono. Ufa wina sukanafika mwezi umenewo. Taonga anayesa ndi nkhoswe yaulesi ija, kubwereza ntchito yomweyo mobwerezabwereza, kuchoka m'mawa kubwera madzulo maso ali psuu, koma zotuluka sizinakwane pa nthawi yake. Anzake avala magauni chaka chino. Iye adikira chaka chamawa. Tsiku la mwambowo anakhala m'nyumba, ndipo ine ndinakhala mu kantemba osayatsa wailesi. Madzulo anabwera kudzagula machesi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Bamalume, kapenta shuwa?" Tinaseka mpaka iye anayamba kulira, kenako n'kusekanso. Chiwaya changa aphunzitsi anachipempha. Akuti amachionetsa kwa ophunzira a chaka choyamba.

Ufa watsopano waitanitsidwa, uli panjira. Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti sabata imene udzafike, ine ndidzapite kukaona abale ku Chipata, ndipo ndisadzabwere mpaka atandiitana. Ndavomera mosanyinyirika, chifukwa ndaphunzira kuti si chilichonse choyera chimene chimafuna dzuwa, ndiponso kuti munthu ukaona zinthu zikuipiraipira m'manja mwako, nthawi zina vuto ndi manjawo.

Komabe ndamuuza Taonga kuti foni yanga idzakhala yotsegula. Ukadzafika uli ndi m'bulu, asadzachite manyazi kundifunsa. Mbaula ndiye ndinalakwitsa, ndikuvomera. Koma pali njira ina ya phulusa imene sindinaiyese.